Kumenya nkhondo ndi manja a eni dziko: kodi makomando 12 angagwetsedi boma?

Kadzidzi:
Akuluakulu, ndabwera ndi mkangano womwe tinasiyira panjira ndi alamu anga dzulo. Iwo akuti masiku ano dziko lamphamvu silifunikanso kutumiza asilikali zikwizikwi kunja. Akuti umangotumiza makomando ochepa, ndalama, mawailesi ndi ndege, ndiye eni dziko omwe ali mbali yako ndiwo amakumenyera nkhondoyo. Umboni wawo ndi Afghanistan mu 2001, kuti a America mazana ochepa chabe anagwetsa a Taliban miyezi itatu isanakwane. Ine ndinati nanga 2021, pomwe a Taliban anabwerera n'kulandanso dzikolo? Iwo amvekere imeneyo ndi nkhani ina. Ndi nkhani inadi? A Sajeni, aphunzitsi, tatithandizani.

Mphunzitsi wa Mbiri:
A Kadzidzi, pa za 2001 alamu anuwo sakunama. Zidachitika mwaliwiro lodabwitsa. September asanathe, kagulu ka CIA, bungwe la ukazitape la America, kadali katatera kale m'chigwa cha Panjshir ndi mabokosi a madola. Mu October mudalowa timagulu ta makomando a America otchedwa Green Berets, kalikonse ka anthu 12. Kamodzi kadapita kwa General Abdul Rashid Dostum, mmodzi wa atsogoleri a magulu olimbana ndi a Taliban, ndipo poti kumapiri kuja galimoto sizidutsa, anyamatawo adakwera akavalo monga ankachitira asilikali a Dostum. Ntchito yawo yaikulu sidali kuwombera mfuti ayi. Ankakhala pachitunda ndi chipangizo cholozera, n'kumauza ndege ya B-52 yomwe ili m'mwambamwamba kuti bomba ligwe pati. Bomba likagwa, apakavalo a Dostum n'kuthamangira pomwepo. Mazar-i-Sharif idagwa pa 9 November, Kabul pa 13 November.

Koma akawafunse alamuwo za December wa chaka chomwecho. Osama bin Laden adali m'mapanga a Tora Bora, kufupi ndi malire a Pakistan. Njira idali yomweyo: makomando ochepa, ndege zambiri, okwera phiri n'kukhala anyamata a akuluakulu a m'deralo, Hazrat Ali ndi Haji Zaman. Kusiyana kwake kudali mumtima. A Northern Alliance, mgwirizano wa magulu omwe adamenya nkhondo ya mu November ija, ankaifuna Kabul ndi moyo wawo wonse. A Taliban adawachotsamo mu 1996, komanso mtsogoleri wawo Ahmad Shah Massoud adali atangophedwa pa 9 September. Koma munthu wa ku Tora Bora akafere m'chipale chifukwa cha bin Laden, wamulakwira chiyani? Udali mwezi wa Ramadan, dzuwa likamalowa ankatsika phiri kukamasula, malo omwe alanda masana n'kuwasiya. Mpaka mmodzi wa akuluakuluwo adamvana ndi a al-Qaeda kuti ayambe aleka kuwomberana. Bin Laden adazemba. Pomwe a America adakamupha ku Abbottabad mu May 2011 adapita okha ndi mahelikopita awo, ngakhale boma la Pakistan osaliuza.

Ndiye mwezi umodzi wokha ukusiyanitsa kupambana ndi kulephera, zida zomwezo, makomando a mtundu womwewo. Chomwe chidasintha n'chakuti mu November mnzawoyo ankamenya nkhondo yake, mu December ankamenya ya wina.

Wa Chaka Chachitatu:
Zikomo aphunzitsi. Kungowonjezerapo, a America eni ake njirayi amaitchula kuti by, with and through, kutanthauza kuti ntchito igwiridwe ndi eni dziko, inu muli nawo limodzi, ndipo zonse zidzere mwa iwo. Ali ndi lamulo lina lotchedwa 127e lomwe limalola makomando awo kulipira ndi kupereka zida ku magulu a asilikali a mayiko ena kuti azikagwira ntchito zosaka zigawenga zomwe a America asankha. Pamenepa sikulinso kuthandiza mnzako, ndi kubwereka asilikali ake.

Sajeni Wopuma:
Mwana wanga wa chaka chachitatu walankhula za m'mabuku, ine ndinene za m'fumbi.

Choyamba anthu azimvetsa kuti kagulu ka anthu 12 kaja sikagulu kowombera. Muli kaputeni ndi womutsatira, muli sajeni wamkulu ndi sajeni woona zaukazitape, kenako awiri a zida, awiri a zomangamanga ndi zophulitsa, awiri a zachipatala, awiri a mawailesi. Awiriawiri chonchi n'cholinga choti kagawike pakati kakhale timagulu tiwiri. Ndi aphunzitsi onyamula mfuti. Anthu 12 amenewa akhoza kuphunzitsa ndi kutsogolera asilikali mazana angapo.

Ine ndinaphunzitsidwapo ndi alendo a mtundu umenewu, sinditchula dziko lawo kapena malo. Anakhala nafe milungu isanu ndi umodzi. Kunena zoona anyamata aja ntchito amaidziwa. Wa zachipatala anatiphunzitsa kumanga lamba woletsa magazi ndi dzanja limodzi, maso atamangidwa nsalu, iye ataima pambali ndi wotchi. Ukapitirira masekondi 30 amakuuza modekha kuti wafa, yambiranso. Ine ndinafa kasanu ndi kawiri tsiku limenelo. Mpaka lero mutandidzutsa pakati pa usiku ndimanga.

Pochoka anatisiyira mawailesi atsopano, okongola, omveka ngati munthu ali pambali pako. Tinajambulitsa, tinagwirana chanza, akuluakulu analankhula. Patatha miyezi inayi mabatire anayamba kufa. Batire lake silipezeka m'sitolo iliyonse, chotchajira chinali chimodzi, ndipo chitapsa panalibe wodziwa kolembera kalata. Tinabwerera ku mawailesi athu akale aja olira ngati chule. Alendo aja kwawo analemba lipoti kuti gulu lakuti laphunzitsidwa ndipo lapatsidwa zida, ndipo sananame. Kungoti lipoti limalembedwa tsiku lojambulitsa.

Namwino wa Usiku:
A Sajeni mwandiseketsa ndi kufa kasanu ndi kawiriko. Koma ine funso langa ndi lina. Aliyense akuti njirayi ndi yotchipa. Yotchipa kwa ndani? Magazi akutayika ndi a ndani?

Mtolankhani Wakale:
Amayi mwagunda pamutu pa nkhani. Tengani Syria. A America atafuna kuthana ndi gulu la zigawenga la ISIS sanafune kubwereza za Iraq, ndiye anagwirizana ndi a Kurd a gulu la YPG, kuyambira pa nkhondo ya Kobani kumapeto kwa 2014. Mu October 2015 gululo linakulitsidwa n'kutchedwa Syrian Democratic Forces, mwachidule SDF. Analanda Raqqa mu October 2017, ndipo kachigawo komaliza ka ISIS ku Baghuz kanagwa mu March 2019. A SDF eni ake anati anataya anthu pafupifupi 11,000. A America omwe anafera pankhondo imeneyo ndi ochepa kwambiri poyerekeza. Ku Washington imeneyi imawerengedwa ngati ntchito yoyenda bwino koposa, ndipo ukaiona ndi maso awo ndi zoona.

Ndiye pali anthu wamba. Ukakhala ndi asilikali ako ochepa pansi, chomwe umathandiza nacho mnzako ndi ndege ndi mizinga. Nyumba iliyonse yomwe muli wowombera mmodzi imagwetsedwa yonse. Amnesty International ndi Airwars atafufuza ku Raqqa anapeza kuti anthu wamba opitirira 1,600 anaphedwa ndi mabomba a mgwirizano wa America. Amenewo salowa m'kaundula wa kutchipa.

Chitedze:
Ndipo malipiro a a Kurd anali chiyani? October 2019, Trump alankhula pa foni ndi Erdogan, pulezidenti wa Turkey, asilikali a America achoka pamalire, Turkey ilowa. Miyezi isanu ndi iwiri yokha kuchokera pa Baghuz! Mlendo ndi mame, akulu anga. Dzuwa likangotuluka wapita.

Mphunzitsi wa Mbiri:
A Chitedze, ndipo sikadali koyamba. Mu 1975 Shah wa Iran ndi Saddam Hussein adasainirana pangano ku Algiers, ndipo thandizo lomwe Iran ndi America ankapereka kwa Mustafa Barzani, mtsogoleri wa a Kurd a ku Iraq, lidaduka nthawi yomweyo. Chaka chomwecho ku Laos, a Hmong omwe adamenyera CIA kwa zaka zopitirira khumi pansi pa General Vang Pao adaona ndege zikunyamula anthu zikwi zochepa pa Long Tieng mu May, ena onse n'kutsala pabwalo. Ambiri adayenda wapansi mpaka kuwoloka mtsinje wa Mekong kulowa Thailand. N'chifukwa chake lero a Hmong mumawapeza ku Minnesota ndi California.

Komabe tisawaone a Kurd ngati ana. Ankadziwa kuti Turkey ili mu NATO ndipo imaona YPG ngati nthambi ya PKK, gulu la a Kurd lomwe linkamenyana ndi boma la Turkey. Ankadziwa za 1975 kuposa ife. Adalowa m'mgwirizanowo chifukwa ISIS idali pakhomo pawo, komanso ankafuna kudzilamulira kumpoto chakum'mawa kwa Syria, ndipo ndege za America zidali njira yofikira kumeneko. Aliyense ankagwiritsa mnzake ntchito. Wamng'ono ndiye amalipira zambiri pakutha pa zonse, basi.

Wa Chaka Chachitatu:
Aphunzitsi, ndiye mukutanthauza kuti vuto si maphunziro kapena zida?

Mphunzitsi wa Mbiri:
Umboni uli m'dziko lomwelo la Syria, mwana wanga. Nthawi yomwe ankagwira ntchito ndi a Kurd, a America adalinso ndi pulogalamu ina ya madola 500 miliyoni yophunzitsa zigawenga za Chiarabu. Adaika lamulo loti ophunzitsidwawo azimenyana ndi ISIS yokha, osati boma la Bashar al-Assad. Koma anthuwo adanyamula mfuti poyamba chifukwa cha Assad! Ambiri adakana, ena adathawa, kagulu koyamba kadangolowa m'dzikomo n'kuphwanyidwa ndi al-Nusra, nthambi ya al-Qaeda ku Syria. Mu September 2015 General Lloyd Austin adavomera pamaso pa Senate kuti ophunzitsidwa omwe adali pankhondo panthawiyo adali anayi kapena asanu. Osati mazana anayi. Anthu anayi kapena asanu. Aphunzitsi ake adali a mtundu womwewo, ndalama zidalipo. Mwana wa mwini ndi gaga, saundika.

Chitedze:
Koma gulu lino mumakonda America bwanji? Ngati kuti ndi okhawo amachita zimenezi. Russia ili ndi njira yakeyake ndipo siinamizira kuti ikubweretsa demokalase. Wagner, gulu la asilikali aganyu la ku Russia, inalowa Central African Republic mu 2018, inateteza pulezidenti Touadéra pomwe zigawenga zinkayandikira Bangui, ndipo mpaka lero munthuyo ali pampando. Iwo amati tikuteteza, utipatse mgodi. Malonda oonekera. Ine ndimalemekeza wakuba wonena kuti ndine wakuba.

Namwino wa Usiku:
A Chitedze, kalankhulidwe kameneko kakawauzeni a ku Moura.

Chitedze:
Ku Moura kunatani amayi?

Mtolankhani Wakale:
Mali, March 2022. Asilikali a boma limodzi ndi azungu omwe mboni zinati sankalankhula Chifalansa anazinga tauniyo tsiku la msika n'kukhalamo masiku asanu. Lipoti la United Nations lomwe linatuluka mu May 2023 linati anthu osachepera 500 anaphedwa, ambiri osanyamula chida. Boma la Mali linati onsewo anali zigawenga. Wagner inali itafika m'dzikomo kumapeto kwa 2021, a France akulongedza kuti achotsemo asilikali awo.

Ndipo pa za kumenya kwenikweniko, musawakweze kwambiri. Ku Cabo Delgado mu 2019 a Wagner anakhala miyezi yochepa n'kuchoka atabisaliridwa ndi zigawenga m'nkhalango yomwe sankaidziwa, komanso sankamvana ndi asilikali a Mozambique omwe ankagwira nawo ntchito. Ku Tinzaouaten, kumpoto kwa Mali, mu July 2024 a Tuareg anawatchera pafupi ndi malire a Algeria, anafa ambiri. Chomwe Wagner imagulitsa kwenikweni si kugonjetsa zigawenga. Imagulitsa tulo kwa munthu wokhala kunyumba yachifumu. Ndipo mwini wake Prigozhin anatembenukira Moscow yomwe mu June 2023, miyezi iwiri pambuyo pake ndege yake inagwa. Galu wosaka naye amaluma mbuyake.

Chitedze:
Chabwino, za Moura sindimazidziwa bwino, ndavomera. Koma mfundo yanga ikadalipo. Enawo amachita zomwezo atavala tayi.

Woyang'anira Gulu:
Tiyeni tizikambirana mfundo, akuluakulu. Uthenga wina ndachotsa chifukwa munali mawu otukwana mtundu wa anthu. Mwiniwake akudzidziwa.

Sajeni Wopuma:
A Chitedze asakhale okha, ndiwathandizeko pang'ono. Pali chinthu chomwe alendo ophunzitsa aja safuna kuchimva. Ukatenga kagulu kamodzi m'gulu lankhondo losauka, n'kukapatsa chakudya chabwino, malipiro apadera, magalasi oonera usiku, magalimoto oyenda, pomwe anzawo akugona ndi njala m'mabariki, wapanga chiyani? Wapanga anthu okhawo m'dzikomo omwe angathe kuyenda usiku mwadongosolo n'kukafika pamalo nthawi yomwe anapangana. Tsiku lina mkulu wawo amadzuka n'kuona kuti kuchokera kumsasa kukafika kunyumba ya pulezidenti ndi ulendo waufupi kuposa wopita kunkhalango kuli zigawenga.

Mtolankhani Wakale:
Ndipo mndandanda ulipo, a Sajeni. Captain Amadou Sanogo yemwe analanda boma la Mali mu 2012 anaphunzirapo ku America. Assimi Goïta, yemwe analanda boma lomwelo mu 2020 ndi 2021, anali mkulu wa makomando ndipo ankachita nawo maphunziro a mayiko a azungu. Ya ku Guinea ndiye yochititsa manyazi: pa 5 September 2021 Mamady Doumbouya, yemwe kale anali mu French Foreign Legion, anagwetsa pulezidenti Alpha Condé pomwe a Green Berets anali m'dzikomo akuphunzitsa gulu lake lomwelo. Ophunzira anangonyamuka kupita ku Conakry, aphunzitsi n'kutsala kumsasa.

Niger ndiyo inawawa kwambiri ku Washington. Anamanga bwalo la ndege zopanda woyendetsa ku Agadez la madola opitirira 100 miliyoni. Pa 4 October 2017 asilikali awo anayi anaphedwa ku Tongo Tongo limodzi ndi anzawo angapo a ku Niger, ndipo Senator Lindsey Graham anavomera pa TV kuti sankadziwa n'komwe kuti ku Niger kuli asilikali a America ochuluka chomwecho. Taganizani, munthu wa m'nyumba ya malamulo yomwe imavomereza ndalamazo. Ndiye July 2023, asilikali agwetsa pulezidenti Mohamed Bazoum, ndipo General Moussa Salaou Barmou, mkulu wa makomando yemwe a America ankamudalira koposa, apezeka ali mbali ya olanda boma. Pofika September 2024 a America anali atatulukamo onse.

Wa Chaka Chachitatu:
Pepani akuluakulu, pamenepa nditsutseko. Kodi sitikusokoneza zinthu ziwiri? A America ndi a France amaphunzitsa maofesala zikwizikwi. Mwa iwo ochepa ndiwo alanda boma. Ofesala wanzeru ndi amene amasankhidwa kupita kukosi ya kunja, ndipo ofesala wanzeru yemweyo ndi amene angathe kulanda boma. Sizikutanthauza kuti kosiyo ndiyo yamuphunzitsa kulanda. Ku Mali kunali kulanda boma mu 1968 ndi 1991, makomando a America asanafikeko.

Sajeni Wopuma:
Wanena bwino, ndipo sindinati amaphunzitsa kulanda boma. M'kalasi amakuuzani ndithu kuti msilikali amamvera boma la anthu wamba, pali ola lake la phunziro limenelo, nthawi zambiri masana anthu atakhuta akuwodzera. Chomwe ndikunena n'chakuti luso lomwe wamupatsa munthu limakhala lake. Iwe unamupatsa kuti akasake zigawenga, iye aligwiritsa ntchito pa chomwe chikumuwawa iyeyo. Ndipo tsiku lomwe wasankha, foni yako sayankha.

Kadzidzi:
Ndiye ndikawauze alamu kuti njirayi siinagwirepo ntchito? Chifukwa ndikufuna ndikapambane mkanganowu mwaukhondo.

Mphunzitsi wa Mbiri:
Ayi, mukatero akakugwetsani ndi Oman. Ndikhalepo pang'ono chifukwa anthu ambiri saidziwa.

Kum'mwera kwa Oman kuli chigawo cha mapiri chotchedwa Dhofar. M'zaka za m'ma 1960 anthu a kumeneko adaukira Sultan Said bin Taimur, munthu yemwe ankaletsa pafupifupi chilichonse chatsopano, ndipo dziko lonse lidali ndi masukulu owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Zigawengazo zinkathandizidwa kudzera ku South Yemen, ndipo pofika 1970 zidali zitatenga mapiri onse. Pa 23 July 1970 mwana wake Qaboos adamuchotsa pampando, a Britain akudziwa. Kenako mudalowa makomando a Britain otchedwa SAS, mwakachetechete, akudzitcha gulu lophunzitsa chabe.

Chomwe adachita n'chosiyana ndi zomwe tazolowera. Qaboos adalengeza chikhululukiro kwa aliyense wotsika phiri. Otsikawo sadawatsekere, adawapatsa mfuti ndi malipiro n'kuwaika m'magulu otchedwa firqat, kuti abwerere kumapiri kwawo komweko. Munthu wotere amadziwa chitsime chilichonse, amadziwa kuti wabisala kuphanga lija ndi msuweni wake, ndipo amatha kumuitana ndi dzina kuti atsike. M'mbuyo mwa firqat munkabwera makina okumba zitsime, wa zachipatala, ndi dokotala wa ziweto, chifukwa chuma cha anthu a kumapiriko ndi ng'ombe ndi ngamira. Koma ngakhale kumeneko a SAS adaphunzira movutikira. Firqat yoyamba adaisakaniza mafuko ndipo idasweka. Zotsatira zidapangidwa fuko ndi fuko, ndipo iliyonse inkafuna kumenyera dera la kwawo kokha. A Britain adangovomera kuti ndi mmene zilili, n'kukonza mapulani awo motsatira zimenezo.

Kumenyana kudalipo koopsa. Pa 19 July 1972 ku Mirbat, a SAS asanu ndi anayi ndi asilikali ochepa a Oman adazingidwa ndi zigawenga zopitirira 200. Sajeni wina wochokera ku Fiji, Talaiasi Labalaba, adaombera yekha mzinga womwe umafuna anthu angapo, chipolopolo chitamuphwanya kale chibwano, mpaka adafera pomwepo. Ndege zidafika, tauni sidagwe. Mu December 1975 Qaboos adalengeza kuti nkhondo yatha.

Tsono onani zomwe zidalipo. Mtsogoleri wa dzikolo ankafunadi kusintha zomwe zidautsa nkhondo, ndipo adali ndi ndalama za mafuta zochitira zimenezo. Dera lidali laling'ono. Shah wa Iran adatumiza asilikali ake zikwi zingapo, Jordan nayo idathandiza, ndiye si makomando okha ayi. Ndipo a Britain adakhala zaka zisanu ndi chimodzi osathamanga, osaitana atolankhani. Zinthu zimenezi kuzipeza pamodzi n'kovuta. Dokotala wa ng'ombe uja ndimamuwerengera mofanana ndi mzinga wa Labalaba.

Mtolankhani Wakale:
Ena amawonjezera Colombia. Plan Colombia, pulogalamu ya thandizo la America, inayamba mu 2000, asilikali a dzikolo anakhwima mpaka kupulumutsa wandale Ingrid Betancourt m'manja mwa zigawenga za FARC mu July 2008 osaomba chipolopolo, ndipo FARC inasaina mtendere mu 2016. Koma khoti lapadera la mtendere la dzikolo linapeza kuti pakati pa 2002 ndi 2008 asilikali anapha anthu wamba 6,402 n'kuwanamizira kuti ndi zigawenga, chifukwa kukwezedwa ndi tchuthi zinkadalira chiwerengero cha mitembo. Ankatenga anyamata osauka powalonjeza ntchito, n'kukawapha kutali, kuwaveka yunifolomu ndi nsapato za jombo. Ena nsapatozo zinali zatsopano, zosaponda matope.

Namwino wa Usiku:
Mayo ine. Ndipo wopereka ndalama amati sindinali pomwepo.

Wa Chaka Chachitatu:
Ndiye ubwino wina wa njirayi kwa wotumayo, amayi. Pali lamulo la Leahy loletsa America kuthandiza gulu la asilikali lomwe pali umboni kuti laphwanya ufulu wa anthu kwambiri, koma kulitsata kumafuna kuti wina afufuze ndi kulemba, ndipo yemwe ali pafupi kuti aone ndi yemweyo akufuna kuti mgwirizano upitirire. Anthu a Dostum omwe aphunzitsi anawatchula aja anatsekera akaidi a Taliban m'makontena kumapeto kwa 2001, ambiri anafera momwemo n'kukwiriridwa ku Dasht-i-Leili. Dostum anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 2014.

Chitedze:
Palibe watchula Iran. Amenewo ndiye akatswiri. Hezbollah, gulu lankhondo la ku Lebanon, anayamba kuimanga 1982, osati ndi kosi ya milungu isanu ndi umodzi ngati ya a Sajeni. Chipembedzo chimodzi, masukulu, zipatala, malipiro a amasiye, zaka 40. General wawo Qasem Soleimani ankayenda yekha Baghdad, Damascus, Beirut, akudziwana ndi atsogoleri a magulu maso ndi maso. Amenewo mabatire sankatha.

Mphunzitsi wa Mbiri:
Apa a Chitedze mwanena zolemera, ndipo zikugwirizana ndi zomwe ndakhala ndikunena. Iran sinkabwereka gulu lomwe lilipo kale n'kuliuza mdani watsopano. Inkalera gulu kuyambira ku ukhanda kuti zofuna zikhale zimodzi. N'chifukwa chake Hezbollah idakamenyera Assad ku Syria, kunja kwa dziko lake. Koma njira yodalira munthu mmodzi wodziwana ndi aliyense ili ndi msampha wake. Soleimani adaphedwa ku Baghdad pa 3 January 2020. Mu September 2024 Israel idaphulitsa mapeja, timakina tolandirira mauthenga, a Hezbollah, n'kupha mtsogoleri wawo Hassan Nasrallah pa 27 mwezi womwewo. Zigawenga za ku Syria zitanyamuka kumapeto kwa November, padalibe wokamutchinjiriza Assad, ndipo pa 8 December adathawira ku Moscow. Mzati umodzi utagwa denga lonse lidatsatira.

Kadzidzi:
Tabwererani ku funso langa lija, 2021. Ndi nkhani ina kapena ndi yomweyo?

Sajeni Wopuma:
Ndi nkhani ya mabatire anga aja, a Kadzidzi, kungoti yaikulu. A America anawononga madola opitirira 80 biliyoni pa asilikali ndi apolisi a Afghanistan. Anawamangira gulu lankhondo lofanana ndi lawo, lodalira ndege kubweretsa zipolopolo ndi chakudya, ndege kunyamula ovulala, ndege kuphulitsa mdani. Koma okonza ndegezo anali makampani a kunja. Pangano la Doha litasainidwa mu February 2020, pakati pa America ndi Taliban, boma la Kabul lisali patebulo, aliyense anadziwa kuti alendo akupita. Mu 2021 amakaniko ananyamuka, ndege zinayamba kugona pansi imodziimodzi. Msilikali ali pakamsasa kumudzi, miyezi osalandira, zipolopolo zikutha, mkulu wake akudya malipiro a asilikali omwe kulibe. Akubwera akuluakulu a m'mudzi kudzamuuza kuti a Taliban akuti siya mfuti upite kwanu wamoyo. Inu mukanatani?

Ndipo asanene munthu kuti anthu aja anali amantha. Opitirira 60,000 anafa pa zaka 20, pomwe a America anali pafupifupi 2,400. Makomando awo anamenya mpaka kumapeto, akuthamangitsidwa chigawo ndi chigawo ngati ozimitsa moto, chifukwa ndi okhawo ankadalirika. Zofanana ndi Iraq mu June 2014, pomwe magulu athunthu anavula yunifolomu ku Mosul koma kagulu kapadera kolimbana ndi zigawenga kanaima, n'kudzatsogolera kulanda mzindawo mu 2017. Kagulu kamodzi kabwino mungakapange. Unduna wolipira malipiro pa nthawi yake, umenewo anthu 12 sangaupange.

Mphunzitsi wa Mbiri:
Kabul idagwa pa 15 August 2021, pulezidenti Ashraf Ghani atathawa. Dostum yemwe uja wa akavalo adali atawolokera kale ku Uzbekistan, Mazar-i-Sharif itagwa dzulo lake.

Kadzidzi:
Ndatumiza zonsezi kwa alamu. Ayankha kuti Oman ikutsimikiza mfundo yawo ndipo zina zonsezo ndi zolakwitsa za andale, osati za njirayo. Akuti ndiwalowetse m'gulu adzayankhe okha. A Woyang'anira, ndololedwa?

Woyang'anira Gulu:
Aloweni, bola awerenge kaye malamulo a gulu.

Namwino wa Usiku:
A Sajeni, ine mtima uli pa mawailesi aja. Anathera kuti?

Sajeni Wopuma:
Pomwe ndinkapuma ntchito anali akadali m'sitolo ya zida, amayi, m'mabokosi awo, pashelefu yapamwamba. Chaka chilichonse pobwera owerengera katundu tinkawatsitsa, kuwapukuta fumbi, kuwerenga, onse 24 alipo, kusainira, n'kuwabwezera pomwepo. Patadutsa zaka zitatu kunabwera alendo ena, a dziko lina, kudzatiphunzitsa. Nawo anabweretsa mawailesi awo, osalankhulana ndi oyamba aja.